Soda mu Mkaka wa Alamu

"Sindithira ayi. Supuni ndi iyo, thirani nokha."

Ndaziona anaika supuniyo pamwamba pa firiji n'kupinda manja. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo masana, ndipo firiji yaikulu ija inali itangosanduka bokosi. Pansi panali zigubu zitatu za mkaka umene alamu ake, a Godfrey, anakatenga kwa alimi a ku Bvumbwe. Kafungo kake kanali katayamba kale kumveka, kaja kamene mayi aliyense amakadziwa asanavundukule n'komwe.

"Mlamu, ndamva bwino kodi?" a Godfrey anafunsa, makiyi a pikapu akulira m'manja. "Masupuni atatu m'chigubu chilichonse, mutakase, basi. Mwayamba liti kuopa soda, inu amene mumathira mu therere tsiku ndi tsiku?"

"Wodya therere amadziwa kuti muli soda. Amene akagule mkakawu akudziwa?"

"Adziwe kuti atani? Soda ndi poizoni? Ku fakitale amathira m'mabisiketi amene Stacy wanu amadya. Munthu akamva chilungulira amasungunula m'madzi n'kumwa. Ngakhale alimi aja amasakaniza m'chakudya cha ng'ombe. Lero soda waipa chifukwa ndamugwira ine?"

"Soda alibe mlandu, alamu. Ndi wantchito wabwino, amazimitsa ndi moto womwe. Koma ntchito imene mukumupatsayi ndi yonama. Mkaka ukamasasa ndiye kuti tizilombo tachuluka. Timeneto ndi timene timatulutsa asidi, kuwawasa kumene mukumvaku. Soda amangomenyana ndi asidiyo, tizilombo satikhudza n'komwe. Kuwawasa ndi belu lochenjeza. Inu mukufuna kudula belu, wakuba ali m'nyumba."

A Godfrey anaseka mpaka kugwira khoma. Anatembenukira mng'ono wawo Gracian, mwamuna wa Ndaziona, amene anaima pakhomo ngati mlendo wosochera.

"Ukumva, Gracian? Tili ndi pulofesa pakhomo pano. Pulofesa wa Fomu 2, digiri yake ili kumsana ikuyamwa chala."

Mawuwo anamulowa Ndaziona ngati munga, koma sanaphethire. Sukulu anaisiyadi ali Fomu 2, mimba ya Stacy itaonekera. Koma tsiku limene aphunzitsi anathira viniga pa soda, thovu n'kusefukira pa tebulo, iye anali pa benchi yakutsogolo, ndipo anamva zonse.

"Sindikuti titaye," anatero modekha. "Ndipatseni zigubuzi. Wina ndiwiritse bwino ndipange chambiko. Wina ndikandire masikono. Soda yemweyu akakumana ndi mkaka wosasa mu ufa amatulutsa mpweya, sikono imafufuma yokha popanda yisiti. Pamenepo ndiye pa ntchito yake."

"Nanga makasitomala a ku Mpingwe ndikawauze kuti athire masikono mu tiyi? Ukajomba tsiku limodzi, mawa upeza mnzako wa njinga yamoto watenga geti lako. Kupatula apo, anthu amawiritsa mkaka."

"Makala adula chonchi, ndi angati amawiritsa mokwanira? Amangoona kuti sunachite mibulu, basi amati ndi wa lero, amapatsa mwana."

"Achimwene," Gracian anayesa kulowererapo, "mwina tikanamva kaye zimene..."

"Iwe khala chete. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo mutu pakhomo pano ndi ine." A Godfrey anang'amba paketi ndi mano, n'kuthira soda m'chigubu osayeza n'komwe. Mkaka unachita kathovu pang'ono, kenaka unakhala bata, woyera ngati wosalakwa. "Mlamu, kavaleni yunifolomu yanu. Tikunyamuka."

"Umenewo sindinyamula."

Pa bizinesi yonseyo ntchito ya Ndaziona inali imeneyo. A Godfrey ankayendetsa, Gracian ankakweza ndi kutsitsa zigubu, koma wogogoda pa mageti a ku Mpingwe ndi kuyezera amayi ophika tiyi ku Limbe anali iye. Anthu ankadziwa nkhope yake. Ankati mkaka wa amake Stacy.

A Godfrey anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka analoza pawindo. Kuseri kwa nyumba yawo yaikulu ya ku Chimwankhunda kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, mmene Gracian ndi banja lake ankakhala.

"Malata amene aja ndinakhoma ndine. Muzikumbukira pokana."

Tsiku limenelo amene anagogoda pa mageti anali Gracian.

Madzulo ake anamupeza mkazi wake pampopi akutsuka zigubu. Anakhala pa njerwa, n'kuvula nsapato.

"Amake Stacy, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Achimwene mumawadziwa. Ndi lero lokha, magetsi akayaka zitha."

"Akakufunsani makasitomala kuti ine ndili kuti, mwati chiyani?"

"Ndati mukudwala."

"Mwaona? Bodza la m'chigubu labala kale mwana."

Gracian anangoyang'ana pansi. Sanali munthu woipa. Anali munthu woleredwa ndi mkulu wake, ndipo pamaso pa a Godfrey lilime lake linkalemera ngati mtondo.

Sizinathe. Magetsi anapitiriza kuzimazima, ndipo a Godfrey anazindikira kuti ndi soda mkaka ukhoza kugona masiku awiri. Anayamba kutenga zigubu zisanu m'malo mwa zitatu. Mapaketi a soda anasiya kugula limodzilimodzi, anabweretsa katoni yathunthu n'kuiika pansi pa tebulo. Ndaziona ankatsuka zigubu, kusesa, kuphika, koma ku pikapu sankayandikira.

Sabata yachiwiri, Lachitatu masana, pageti panagogoda munthu. Anali mayi Afisa, amene amaphika tiyi ndi kugulitsa chambiko pafupi ndi pamene malole amaima ku Limbe. Anali atakwera maminibasi awiri, mpango wawo wakumutu utanyowa thukuta. A Godfrey ndi Gracian anali asanabwere.

"Ndamva kuti ukudwala, mwana wanga, ndiye ndati ndikaone. Koma matenda ake ndi abwino, akunenepetsa."

Ndaziona anawayalira mkeka pamthunzi wa peyala, manyazi atamugwira. Anawapatsa madzi. Mayi Afisa anamwa pang'onopang'ono, kenaka anaika kapu pansi.

"Chambiko ndinayamba kupanga iwe usanabadwe. Sabata ino kawiri konse chakana kugwira. Chikungokhala madzimadzi, kukoma kwake ngati wasukulutsiramo sopo. Madalaivala akundiseka, akuti Afisa wakalamba, manja azizira. Izo ndikanapirira. Koma mdzukulu wanga wa miyezi khumi watsegula m'mimba masiku atatu, mpaka tinakagona naye kuchipatala. Sindikunena kuti ndi mkaka, Mulungu ndiye akudziwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndabwera kwa iwe chifukwa ndimagula kwa iwe, osati kwa aja a makiyi. Mukuthiramo chiyani?"

Ndaziona anayang'ana kanyumba kawo. Stacy anali pakhonde akuveka chidole chake kansalu. Anayang'ananso mayi Afisa.

"Anti, dikirani pang'ono."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makapu awiri, ndimu ndi mpeni. Kapu imodzi anathiramo mkaka wa Stacy, umene ankapatula m'mawa zigubu zikangofika. Inayo anatunga m'chigubu chotsala cha dzulo. Anadula ndimu n'kufinyira m'kapu yoyamba. Mkaka unangogwirana mibulu mwakachetechete. Anafinyira m'kapu yachiwiri. Munamveka kuti fwaa, thovu linakwera ngati mowa wa masese.

"Ndimu ndi asidi," anatero motsitsa mawu. "Mkaka weniweni ukakumana naye umangogwirana. Koma mukakhala soda wambiri, amamenyana, mpweya umatuluka. Musanagule kwa wina aliyense, muziyamba mwatero. Kwa wina aliyense, anti."

Mayi Afisa anayang'ana thovu lija mpaka linaphwa. Kenaka anamuyang'ana Ndaziona nthawi yaitali.

"Wandiuza, koma sunandiuze," anatero. "Chabwino. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndikumvetsa. Theka la ndimuli ndipatse."

Nkhani ya ku Limbe siyenda pansi, imakwera minibasi. Pofika Loweruka amayi onse ophika tiyi pamzere wa malole anali ndi ndimu m'thumba la epuloni. Pofika Lolemba inali itafika ku Mpingwe kudzera mwa antchito a m'nyumba. Gracian ankati akagogoda, geti linkatsekuka pang'ono, n'kutuluka dzanja lokhala ndi kapu, lina ndi ndimu. Masiku amene mkaka unali wabwino anthu ankagula bwinobwino. Masiku a soda kunali kuseka mumsewu monse. Bambo wina wopuma ntchito anaitana mpaka aneba kuti adzaonere, akuti sanaonepo ng'ombe yotulutsa fanta.

Lachinayi pikapu inabwera ndi zigubu zinayi zodzaza. A Godfrey anamenyetsa chitseko cha galimoto mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

"Mlamu! Tulukani!"

Ndaziona anatuluka, manja ali ndi ufa.

"Za mandimuzi wawaphunzitsa ndani? Limbe yonse yasanduka labu. Ogulitsa mandimu akundipatsa moni ngati bwana wawo. Ndani?"

"Ndine."

Gracian anatseka maso. A Godfrey anaoneka ngati sanayembekezere kuti yankho libwera msanga chonchi.

"Kamba amanyeradi yemwe wamtola," anatero kenaka. "Mumadya changa, mumagona panga, n'kumakandigulitsa kwa amayi a tiyi."

"Dzina lanu sindinatchule. Ndinangowaonetsa ndimu. Mkaka wabwino suopa ndimu, alamu. Masiku amene simunathire, wabwerera mkaka?"

"Musandiphunzitse bizinesi! Tamvani. Loweruka m'mawa tipitira limodzi ku Limbe. Mukaima pamaso pa Afisa ndi anzake, mukanena kuti zigubu mumatsukira soda ndinu, ndipo simumatsukuluza bwino. Mukati kunali kusasamala kwanu, ine sindinkadziwa, ndipo zatha. Mukapepesa. Amayi aja amakukhulupirirani, akamva kwa inu abwerera."

"Ndipo soda musiya?"

"Zimenezo ndi za ine. Ndichepetsa, ndimu asamagwire."

"Ndikakana?"

"Loweruka lomwelo dzuwa lisanalowe, makiyi a kanyumba kaja ndiwapeze pa tebulo langa. Uyu," analoza Gracian osamuyang'ana, "ndi m'bale wanga, chibale ndi fupa sichiola. Akhoza kutsala. Koma inu ndi mwana wanu mukaone kolowera."

Lachisanu lonse Ndaziona anagwira ntchito ngati mmene amachitira. Anachapa, anasita yunifolomu yake yoyera, anamuluka Stacy tsitsi. Gracian ankamuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Ndi mawu chabe, amake Stacy. Mukanena, tibwerera, moyo upitirira. Mvula yayandikira. Tikalowera kuti ndi mwana?"

"Ndamva."

"Ndiye mukapepesa?"

"Ndikapepesa."

Gracian anapuma mozama, koma nkhope yake sinasangalale. Anaima pakhomo kanthawi, ngati munthu amene wapatsidwa chimene anapempha n'kupeza kuti n'cholemera.

Loweruka anafika ku Limbe dzuwa litangotuluka. Stacy anamusiya kwa aneba. Malole anali atandandalika, madalaivala atakhala pa mabenchi ndi makapu awo, utsi wa mbaula uli tolo. A Godfrey anaimika pikapu pakati penipeni, anatsika atavala malaya a kutchalitchi, n'kuomba m'manja.

"Amayi anga, pepani ndikusokonezeni pang'ono. Pakhala kusamvetsetsana pa nkhani ya mkaka. Ndafufuza, ndapeza pamene panalakwika. Mlamu wangayu ali ndi mawu."

Amayi asanu ndi mmodzi anasiya masefa awo n'kuyandikira. Mayi Afisa anatsalira pa mbaula yawo, akukupiza moto ndi chivundikiro, maso okha ali kwa Ndaziona. Gracian anali pamwamba pa pikapu, atagwira chigubu.

Ndaziona anaima kutsogolo kwa amayi aja. Anapukuta manja pa yunifolomu.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa," anayamba. A Godfrey anagwedeza mutu. "Mwakhala mukugula kwa ine zaka ziwiri. Ena mumandisungira mandasi a mwana wanga. Ndinakulakwirani. Masabata atatu ndakhala ndikuona soda akuthiridwa mu mkaka wosasa kuti uoneke wa lero. Sikuti ndi zigubu zosatsukuluza ayi, zigubu ndimatsuka ndine ndipo zimayera. Amathiridwa dala, ndi dzanja. Ine ndinakana kunyamula, n'kumadziona ngati woyera, ndili phee m'nyumba, ana anu akumwa. Anti Afisa atandifunsa maso ndi maso, ndinawapatsa ndimu m'malo mwa mawu, chifukwa ndinkaopa kugona panja. Mdzukulu wawo anali atagona kale kuchipatala. Chimenecho ndiye ndikupepesa."

Dalaivala wina anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono n'kuyang'anamo.

"Wapenga uyu!" a Godfrey anakuwa. "Ndi nsanje! Akufuna kulanda bizinesi yanga! Gracian, auze anthuwa kuti mkazi wako akunama!"

Maso onse anakwera pa pikapu. Gracian anagwiritsitsa chigubu chija. Thukuta linatsika m'masaya. Ndaziona sanamuyang'ane. Anali atalankhula zake, za mwamuna wake zinali za mwamuna wake.

"Gracian! Ndakulera ndine!"

"Munandileradi, achimwene," Gracian anatero, mawu akutuluka mokakamira. "Koma zigubu ziwiri zakumbuyozi ndi za dzana. Mwathira m'mawa uno ndikuona."

Phokoso linabuka ngati msika wapsa. Amayi ankalankhula onse nthawi imodzi, wina akuwomba m'manja mwaukali, wina akuloza chala. Dalaivala wamkulu thupi, amene anzake ankamutchula kuti a Twaha, anaimirira n'kufunsa ngati bwanayo angakonde kulawa kapu imodzi ya dzana. A Godfrey sanadikire. Analowa m'galimoto n'kuliza injini. Gracian anadumpha pikapu itayamba kale kuyenda, anatera moipa n'kugwa chagada m'fumbi. A Godfrey anatulutsa mutu pawindo.

"Dzuwa lisanalowe! Nonse atatu!"

Pikapu inakhota pa ngodya, zigubu zikugundana kumbuyo.

Gracian anadzuka n'kudzisasa. Chigongono chinali chitasupuka. Anayenda mpaka pamene panaima mkazi wake.

"Munati mukapepesa," anatero.

"Simunamve ndikupepesa?"

Gracian anapukusa mutu, kenaka anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu koma sakudziwa kuti ali pati.

"Ndiye tigona kuti?"

"Ku Mbayani zipinda sizitha. Tikayamba kufunsa panopa, pofika masana tipeza. Katundu wathu ndi wa wilibala ziwiri. Mbaula ndili nayo, manja ndili nawo."

"Achimwene sadzandilankhulanso."

"Mwina. Koma lero mwalankhula ndinu."

Amayi aja anali atabwerera ku mbaula zawo, nkhani ikupitirira pamwamba pa utsi. Sanamukumbatire Ndaziona, ndipo wina anamuyang'ana ndi diso lofiira, poti masabata atatu si dzulo. Iye anazilandira. Mayi Afisa ndi amene anakankha benchi ndi phazi.

"Khalani apa inu awiri. Ku Mbayani sapita ndi njala, eni nyumba amaona nkhope." Anatsuka makapu awiri n'kutsanulira. "Koma mundikhululukire, lero ndi wakuda. Pamzere ponse pano mkaka palibe, ndipo wachititsa ndiwe."

"Ndi wabwino womwewo, anti."

Gracian anakhala. Ndaziona anamwa wake ataimirira, pakati pa malole ndi anthu onse aja, yunifolomu yake ikuwala padzuwa. Tiyi anali wotentha, wowawa pang'ono. Anamumaliza yense, anabweza kapu, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Bambo ake Stacy, dzukani. Dzuwa silidikira."